Momwe mungafufuzire ntchito ya katswiri wa matenda a maganizo ndi ubongo musanagwire naye ntchito

Kuno ku Mangochi alendo a kafukufuku sitiwasowa. Amafika pa galimoto zoyera, amagona kunyanja, m'mawa n'kutulukira pachipatala ali ndi mafomu m'manja. Ambiri ndi akatswiri enieni. Koma tsiku lina tinalandira bambo wina amene ankati walemba mapepala oposa 100 a matenda a maganizo, ndipo ankafuna anamwino oti azimufunsira odwala mafunso. Titafufuza madzulo ake pa foni, tinapeza kuti ambiri mwa mapepalawo anatuluka m'magazini oti ukalipira ndalama amasindikiza chilichonse. Kaya ndinu namwino, clinical officer, kapena wophunzira wa KUHeS amene mukusaka wokuyang'anirani pa kafukufuku wanu, kufufuza kotereku kumangofuna foni, bandulo yochepa ndi ola limodzi.

Choyamba: mupezeni munthu weniweniyo

Tsegulani Google Scholar, tsamba la pa intaneti lofufuzira mapepala a kafukufuku, lembani dzina lake lonse. Ngati ali ndi tsamba lake, muona mndandanda wa zimene walemba komanso kuchuluka kwa nthawi zimene ofufuza ena atchula ntchito yake m'mapepala awo. Samalani ndi mayina. A Banda, a Phiri ndi a Mwale alipo ambirimbiri, ndipo kompyuta nthawi zina imasonkhanitsa ntchito za anthu atatu n'kupatsa munthu mmodzi. Mukaona pepala la ulimi wa fodya pakati pa mapepala a khunyu, dziwani kuti zasakanikirana. Onani ngati pansi pa dzinalo palembedwa kuti imelo ya kuyunivesite yake inatsimikizidwa. Muthanso kumupempha nambala yake ya ORCID, ya manambala 16, imene imasiyanitsa wofufuza aliyense ndi mnzake wa dzina lofanana. Wofufuza weniweni sakhumudwa mukamufunsa nambalayi.

Chachiwiri: imvetseni h-index, koma musaigwadire

Kumbali kwa tsambalo muona nambala yotchedwa h-index. Anaiyambitsa ndi Jorge Hirsch, katswiri wa physics wa ku California, mu 2005. Kawerengedwe kake nkosavuta. Munthu akakhala ndi h-index ya 7, ndiye kuti ali ndi mapepala 7 amene lililonse latchulidwa ndi ena kosachepera ka 7. Pepala limodzi likatchulidwa ka 900 koma enawo osatchulidwa n'komwe, h-index yake ndi 1 basi. Zili ngati msodzi amene anakolapo kampango wamkulu kamodzi, poyerekeza ndi mnzake amene amabwera ndi beseni la usipa m'mawa uliwonse. Nambalayi imakondera wachiwiriyo.

Vuto lake ndi loti nambalayi imakula ndi zaka, ndipo sibwerera pansi ngakhale munthu atasiya ntchito kalekale. Choncho dokotala wachinyamata amene wamaliza PhD posachedwapa musamuyike pa sikelo imodzi ndi pulofesa wa imvi. Google Scholar imaonetsanso nambala ya zaka 5 zapitazi, ndipo imeneyo ndiyo imakuuzani ngati munthu akadali kugwira ntchito.

Nthambi za sayansi nazonso zimasiyana kwambiri. Ofufuza za majini amalemba m'magulu akuluakulu. Mu 2014 gulu la Psychiatric Genomics Consortium linatulutsa m'magazini ya Nature pepala lopeza malo 108 m'majini a munthu okhudzana ndi matenda aakulu a maganizo otchedwa schizophrenia, ndipo olemba ake analipo mazanamazana. Aliyense wa iwo amapindula pepalalo likatchulidwa. Pamene munthu amene watha zaka akufufuza za amayi ovutika maganizo ku Namwera kapena ku Makanjira angakhale ndi nambala yaing'ono, chifukwa anthu olemba za madera ngati athu ndi ochepa padziko lonse. Kwa ine, uyu wachiwiriyu ndiye angatithandize kwambiri kuwodi.

N'chifukwa chake muyenera kuona pamene dzina lake lili pa mndandanda wa olemba. M'mapepala a zaumoyo, woyamba nthawi zambiri ndi amene anagwira ntchito yaikulu ndi kulemba, ndipo womaliza ndi mkulu amene anatsogolera. Ngati dzina la mlendo wanu limangopezeka pakati nthawi zonse, mufunseni kuti mbali yake inali yotani.

Chachitatu: onani kumene anasindikiza

Google Scholar imatola chilichonse, chabwino ndi zinyalala zomwe. Tengani mitu ya mapepala asanu, muilembe mu PubMed, nkhokwe yaulere ya mapepala a zaumoyo, ya boma la America. Magazini odziwika monga The Lancet Psychiatry, British Journal of Psychiatry ndi Malawi Medical Journal yathu yomwe mudzawapeza mmenemo. Ngati palibe ndi limodzi lomwe lotulukamo, fufuzani dzina la magaziniyo mu DOAJ, mndandanda wa pa intaneti wa magazini ounikidwa oti aliyense awerenge mwaulere. Magazini achinyengo amadziwika ndi khalidwe lawo: amatumiza maimelo okopa, amalonjeza kusindikiza m'masiku ochepa, ndipo mayina awo amafanana dala ndi a magazini otchuka. Kulipiritsa pakokha si umboni wa chinyengo, chifukwa magazini abwino ambiri oti aliyense awerenge mwaulere amalipiritsanso olemba. Chofunika n'choti akatswiri ena anaunika pepalalo lisanatuluke.

Za impact factor ya magazini, nambala yosonyeza kuchuluka kwa nthawi zimene mapepala ake amatchulidwa, musataye nazo nthawi. Imayeza magazini, osati munthu, ndipo mu 2012 akatswiri amene anakumana ku San Francisco anagwirizana mfundo zotchedwa DORA zoti isamagwiritsidwe ntchito poweruza wofufuza.

Chachinayi: ndani akumutchula, ndipo akumutchula chifukwa chiyani?

Dinani nambala imene ili pafupi ndi pepala lake lotchulidwa kwambiri. Mudzaona mapepala onse amene analitchula. Ngati theka ndi a iye mwini ndi anzake awiri omwewo, ndiye kuti akudziombera yekha m'manja. Kudzitchula pang'ono n'kwabwinobwino, poti ntchito ya lero imamangidwa pa ya dzulo.

Kumbukiraninso kuti munthu amatchulidwa pa zabwino ndi pa zoipa zomwe. Mu 1998 Andrew Wakefield anasindikiza mu The Lancet pepala lolumikiza katemera wa MMR (wa chikuku ndi matenda ena awiri) ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo wa mwana. Magaziniyo inalichotsa mu 2010 zitadziwika kuti munali zabodza, ndipo iye analandidwa chiphaso cha udokotala ku Britain chaka chomwecho. Pepalalo latchulidwa kambirimbiri, nthawi zambiri ndi anthu olitsutsa. PubMed imaika chizindikiro pa pepala lochotsedwa, komanso mungalembe dzina la munthu mu nkhokwe ya Retraction Watch, imene imasunga mndandanda wa mapepala ochotsedwa.

Chachisanu: werengani pepala limodzi mpaka kumapeto

Apa ndi pamene ambiri timachitira ulesi. Sankhani pepala limene dzina lake lili koyambirira, muwerenge chidule chake, kenako gawo lofotokoza mmene anachitira kafukufukuyo. Anafunsa anthu angati? Kuti? M'chinenero chanji? Funso lomalizali n'lalikulu pa matenda a maganizo, chifukwa palibe magazi oyeza ngati pa malungo. Zonse zimadalira mawu. Mayi wa ku Malindi sanena kuti ali ndi depression. Amati mtima ukuthamanga, mutu ukulemera, akuganiza kwambiri, sakugona. Mafunso ongotanthauzidwa mothamanga kuchokera ku Chingerezi akhoza kumuphonya mayi ameneyu, makamaka ngati iye amalankhula Chiyao.

Kuti mudziwe mmene ntchito yabwino imaonekera, yambani mwawerenga yochitikira kwathu konkuno. Robert Stewart ndi anzake anafufuza za kuvutika maganizo kwa amayi oyembekezera pa sikelo ya chipatala cha boma cha Mangochi, ndipo asanadalire mafunso awo anayamba awayesa ngati akugwiradi ntchito m'chinenero cha amayiwo. Ku Blantyre, Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo anagwiritsa ntchito makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi, pa chipatala cha Queen Elizabeth, n'kuonetsa mu New England Journal of Medicine mu 2015 kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a muubongo amakhala ndi ubongo wotupa kwambiri. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anasindikiza m'magazini ya JAMA mu 2016 zotsatira za Friendship Bench, njira imene anthu wamba ophunzitsidwa amakhala pa benchi n'kumacheza ndi ovutika maganizo. Mukawerenga amenewa, pepala lopanda kanthu mudzalizindikira msanga.

Pepala likafuna ndalama kuti litseguke, musalipire. Funsani ku laibulale ya koleji za Hinari, njira imene WHO inayambitsa mu 2002 kuti masukulu ndi zipatala za m'mayiko ngati Malawi ziziwerenga magazini mwaulere, kapena mulembereni mwini pepalayo imelo. Ambiri amatumiza mokondwa.

Ndipo ngati mlendoyo akufuna kuyamba kufunsa odwala anu, manambala onsewa salowa m'malo mwa kalata ya chilolezo yochokera ku COMREC kapena ku NHSRC, makomiti amene amavomereza kafukufuku wa zaumoyo m'Malawi, pamodzi ndi chilolezo cha ofesi ya zaumoyo ya boma lino. Muione ndi maso anu, muonenso tsiku limene ikutha ntchito.