Momwe mungakwezere malipiro anu pa ntchito yolemba malangizo a mapulogalamu

Amene anagulapo chipangizo chatsopano n'kusokonezeka ndi kabuku kake amadziwa kufunika kwa munthu wolemba malangizo omveka. Ntchitoyi amaitcha technical writing, ndipo ndalama zilimo: ku United States, malipiro apakatikati a olemba otere mu 2023 anali pafupifupi madola 80,000 pachaka. Amene amalandira zambiri ndi amene chinthu akulembacho amachidziwa mpaka mkati.

Yambani ndi pulogalamu imodzi imene mumaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Lembani njira yoiikira pa kompyuta, kenako mupatse mnzanu amene sanaionepo, inu mukhale pambali pake osayankhula. Yang'anani pamene dzanja lake laima pa mausi, pamene wabwerera kuwerenga mzere umodzi kawiri. Pamenepo ndiye pali vuto. Mwina munalemba kuti "dinani batani la Save" osanena kuti lili pakona yakumanja, pamwamba. Konzani, muyesenso ndi munthu wina. Ine ndimaona kuti palibe kalasi imene imaphunzitsa kuposa mphindi khumi zokhala chete zimenezi.

Mukatero phunzirani zida za akatswiri a mapulogalamu. Markdown, njira yosavuta yolembera mitu ndi mindandanda pa kompyuta, imene inatuluka mu 2004, mungaidziwe masana amodzi. Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zimene zasinthidwa m'mafayilo, imene katswiri wa mapulogalamu Linus Torvalds anayambitsa mu 2005, imavuta poyamba, koma pirirani, chifukwa makampani ambiri amasunga malangizo mu Git pamodzi ndi code, zolemba zimene zimapanga pulogalamuyo. Google ili ndi maphunziro aulere a ntchitoyi pa intaneti.

Olemba anthu ntchito amafuna kuona zimene munalembapo. Pa GitHub, webusayiti imene anthu amasungirapo code, pali mapulogalamu ambiri aulere amene malangizo ake ali ndi mipata. Konzani tsamba limodzi, eni pulogalamuyo alilandire, musunge linki yake. Masamba atatu kapena anayi otere akukwana kusonyeza pofunsira ntchito.

Malipiro amakwera kwambiri mukayamba kulemba za API, njira imene mapulogalamu amalankhulirana. Dziwani kuwerenga JSON, kalembedwe kamene mapulogalamu amagwiritsa ntchito potumizirana uthenga, yesani nokha kutumiza pempho ndi pulogalamu yoyesera API yotchedwa Postman, muone yankho limene labwera musanalembe chilichonse. Olemba amene angathe zimenezi ndi ochepa, n'chifukwa chake amafunidwa.

Pakapita zaka mungakhale mkulu wa gulu la olemba, kapena kudziimira panokha. Mukasankha kudziimira, gwirizanani ndi kasitomala mtengo wa ntchito yonse musanayambe, ndipo mulembe kuti mudzakonzanso kangati popanda malipiro owonjezera.