Malangizo a TPMS, kanyali kochenjeza kuti mpweya wachepa m'tayala

Pa dashibodi ya motoka zambiri za masiku ano pali kanyali kachikasu kooneka ngati kamphika kosavundikira, pansi pake pali timano ngati ta tayala ndipo pakati pali chizindikiro cha mfuwu. Kameneko ndi ka TPMS. Ndayesayesa kupeza liwu limodzi la Chinyanja koma palibe lomwe lakhala bwino, "mlonda wa matayala" likumveka ngati munthu wa yunifomu, ndiye ndasiya TPMS momwemo, inu mungodziwa kuti ndi zida zomwe zimayeza mpweya m'matayala motoka ikuyenda n'kukuuzani ukachepa. Liwu loti presha nalonso sindinalisinthe chifukwa ndi lomwe aliyense amanena akamapopetsa.

Kanyali kakayaka osazima, tayala limodzi kapena angapo ali ndi mpweya wochepa kwambiri. Chepetsani liwiro. Musaponde mabuleki mwadzidzidzi kapena kukhota mwamphamvu. Imani pamalo otetezeka, yezani matayala onse ndi geji, ndipo popani kufikira presha yomwe yalembedwa pa kapepala kali pafelemu ya chitseko cha dalaivala kapena kuseri kwa kachitseko kothirira mafuta.

Apa ndiwonjezere mfundo ina. Anthu ambiri amawerenga nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala n'kumaganiza kuti ndi imene ikufunika, ayi, imeneyo ndi malire omwe tayala lingapirire, siyoyendera tsiku ndi tsiku. Komanso onani bwino muyezo womwe geji ikugwiritsa ntchito chifukwa ilipo itatu, bar, kPa ndi psi. 2.2 bar ndi chimodzimodzi 220 kPa, ndipo mu psi ndi pafupifupi 32. Ndiye wopopa akakufunsani kuti "tiike zingati" muzimuuza nambala pamodzi ndi muyezo wake.

Chomwe ndikufuna muchigwire kwambiri ndi chakuti kanyali aka kamachedwa. Lamulo lomwe linabweretsa TPMS ku America, TREAD Act ya mu 2000, linabwera pambuyo pa ngozi zambiri za matayala a Firestone pa Ford Explorer, ndipo kuyambira September 2007 motoka zing'onozing'ono zatsopano zonse kumeneko zimayenera kukhala nayo. Ku European Union lamulo lake linagwira motoka zing'onozing'ono zatsopano zonse kuyambira November 2014. Koma malamulo a ku America amangofuna kuti chenjezo libwere presha ikatsika ndi 25 peresenti. Tayala lofunika 32 psi likhoza kufika pa 25 kanyali kali phee, pomwe tayalalo layamba kale kutentha, kudyeka m'mphepete komanso kukudyerani mafuta, ndipo ndi maso simungaone kuti laphwa. Choncho geji ya m'manja musaitaye, yezani matayala ali ozizira kamodzi pamwezi komanso musanayambe ulendo wautali.

Mawu akuti "yezani matayala ali ozizira" anandivutitsa pang'ono chifukwa wina angaganize kuti akunena za nyengo. Tanthauzo lake ndi loti motoka yaima maola atatu kapena kuposerapo, kapena yangoyenda kamtunda kochepa chabe. Mpweya ukatentha presha imakwera, ukazizira imatsika, pafupifupi 1 psi pa madigiri 5 kapena 6 aliwonse. N'chifukwa chake kanyali kamatha kuyaka m'mamawa kukuzizira kenako n'kuzima kokha mutayenda mphindi zingapo. Sikanaonongeke, kakukuuzani kuti presha yanu ili pamalire, kapopetseni. Ndipo mukayeza tayala lotentha n'kupeza nambala yakwera musatulutse mpweya.

Manje pali kuyaka kwina komwe anthu amakusokoneza ndi koyambako. Mukaliza injini, kanyali n'kuphethiraphethira kwa mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono kenako n'kuyakiratu osazima, vuto si mpweya, ndi TPMS yeniyeniyo yomwe yadwala. Nthawi imeneyo ngakhale tayala litaphwa mwina simuuzidwa chilichonse.

TPMS ilipo ya mitundu iwiri. Wina uli ndi sensa m'tayala lililonse, kachipangizo kakang'ono kolumikizidwa kumunsi kwa valavu mkati mwa limu, kamayeza presha n'kutumiza nambala pa wailesi kupita ku kompyuta ya motoka. Winawo ulibe sensa m'tayala, umangobwereka masensa a ABS (zida zothandiza kuti mawilo asakhukhuluzike mukaponda mabuleki mwamphamvu) owerenga kuzungulira kwa mawilo, poti tayala lochepa mpweya limafupika pang'ono ndiye limazungulira msanga kuposa anzake. Mtundu wachiwiriwu sukuuzani nambala ndipo suvuta kusamala. Mavuto ambiri ali pa woyambawo.

Batire ya sensa inamatiridwa mkati, siisinthika, ikatha mumagula sensa yonse. Imakhala zaka zapakati pa 5 ndi 10, ndiye ngati mwagula motoka yomwe yayenda kale zaka zisanu ndi zitatu dziwani kuti masiku a mabatire a masensawo ali pafupi kutha, ndipo imodzi ikafa zinazo zili m'njira chifukwa zinaikidwa tsiku limodzi. Ine ndimalangiza kuti musinthe zonse nthawi yomwe mukuika matayala atsopano, kusiyana ndi kumasula tayala kanayi konse. Pogula samalani, masensa a motoka za ku America ndi ku Japan nthawi zambiri amalankhula pa 315 MHz pomwe a ku Ulaya ndi 433 MHz, akhoza kufanana maonekedwe ndendende koma motoka yanu osaimva sensa yolakwikayo.

Sensa yatsopano ili ndi nambala yakeyake yomwe motoka iyenera kuidziwa. Sitepe imeneyi ndaitcha "kudziwitsa sensa kwa motoka". Motoka zina zimaphunzira zokha mukayenda kwa mphindi zingapo, zina zimafuna makanika alumikize kamakina pa soketi ya OBD, yolumikizira ku kompyuta ya motoka, pansi pa chiwongolero. Pa motoka zina zimafunikanso mukasinthanitsa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo, apo ayi sikirini izikuuzani kuti lakumanzere kutsogolo laphwa pomwe lophwalo lili kumbuyo.

Chenjezo lomwe ndikulinena ndi mtima wonse ndi la pomasula tayala. Ine zinandionekera, tayala linabooka ndi msomali, mnyamata wokonza anaika chitsulo chofinyira tayala pomwe pali valavu penipeni, ndinangomva kuti thwa, atatsegula kasensa kanali katathyoka pakhosi kakulendewera. Sanachite dala, sankadziwa kuti mkatimo muli chinthu, ndipo ine sindinamuuze. Muziyamba mwanena kuti mawilo ali ndi masensa asanagwire chilichonse, chitsulocho chiikidwe kutali ndi valavu. Mavalavu ambiri a TPMS ndi a aluminiyamu, safuna kachivundikiro kachitsulo kokongoletsa kaja chifukwa zitsulo ziwirizi zimadyana n'kugwirana mpaka pomasula valavu imaduka. Ikani kapulasitiki wamba. Kamtima ka mkati mwa valavu nakonso kasakhale ka mkuwa wopanda chokutira, pamafunika kokutidwa ndi nikelo.

Mankhwala amadzimadzi othira m'tayala kuti atseke pobooka akhoza kutseka kabowo komwe sensa imayezera mpweya. Ngati mwawagwiritsa ntchito pangozi, uzani wokonza atsuke sensa pomata tayalalo. Ndipo mukayeza matayala anayi onse n'kupeza ali bwino koma kanyali sikakuzima, tsitsani sipeya muiyeze, pa motoka zina nayonso ili ndi sensa ndipo ndi yomwe imaiwalika zaka.

Kwa amene muli ndi mtundu wa ABS uja, mukapopa, kusintha kapena kusinthanitsa matayala muyenera kuuza motoka kuti presha yomwe ilipoyi ndiyo yoyenera, podina batani lolembedwa SET kapena posankha pa sikirini, motoka itaima. Batani limeneli si lozimitsira kanyali kakakutopetsani. Mukalidina tayala lili lophwa motoka itenga presha yochepayo ngati yabwino ndipo siidzakuchenjezani mpaka itatsikanso kuchokera pamenepo, ndiye yambani mwayeza anayi onse ndi geji ali ozizira, kenako dinani.