Munda Wosesedwa Sumwa Madzi

Mvula yagwa yokwanira chaka chino, koma m'minda yambiri imene ndayendera mbewu zikufota dzuwa likangowomba sabata imodzi. Eni ake akuti mvula yachepa. Sinachepe ayi. Madzi anagwa, koma sanalowe pansi, anatsetsereka kupita kumtsinje atasenza dothi. Ndipo minda yonseyi ikufanana pa chinthu chimodzi: mapesi anaunjikidwa n'kutenthedwa m'chilimwe, mvula yoyamba inapeza nthaka ili pamtunda, yopanda chophimba chilichonse.

Nkhaniyi tainena kambirimbiri, koma chaka ndi chaka utsi umakwerabe. Mwina vuto ndi lakuti anthu amaganiza kuti kukokoloka kwa nthaka kumayamba pamene madzi ayamba kuthamanga m'ngalande. Kumayamba kale, pamene dontho lagunda pansi. Dontho lalikulu la mvula limatsika pa liwiro la mamita pafupifupi 9 pa sekondi. Likamenya dothi losaphimbidwa limaphwanya timibulu take, ndipo fumbi losalala lija limakatseka timabowo timene madzi amalowera. Dzuwa likawomba, pamwamba pamauma kakhungu kolimba. Mvula yotsatira imangoyandama pamenepo.

Izi zinayesedwa. M'zaka za m'ma 1950, katswiri wa za nthaka Norman Hudson ndi anzake ku Henderson Research Station, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, anakonza timinda tiwiri tofanana, tonse topanda mbewu. Pamwamba pa kamodzi anakungapo sefa wa waya wa timabowo ting'onoting'ono, wonga wotchingira udzudzu. Mvula inkagwa yofanana pa timinda tonse tiwiri, kungoti pansi pa sefa madontho ankafika ataphwanyika, mphamvu itatha. Kamunda kopanda sefa kanataya dothi lochuluka kuposa ka 100 poyerekeza ndi kapansi pa sefa. Ntchito imene ankagwira sefa uja ndi imene mapesi anu akanagwira, inu n'kuwayatsa moto.

Tiwerengere limodzi. Mvula ya milimita 1 pa hekitala ndi malita 10,000. Chimvula cha mamilimita 30 ndi malita 300,000, ndipo theka likathawa mwataya malita 150,000 madzulo amodzi. Amenewo ndi madzi amene mizu ikanamwa pa nthawi ya ng'amba. Dothi nalo: milimita 1 yokha ikachoka pamwamba pa hekitala, matani oposa 10 apita, koma ndi maso simungaone. Mudzangodabwa mizu ili pamtunda, timiyala tatulukira, mchenga wadzaza kumunsi kwa munda. Chopita choyamba ndi dothi lakuda, lopepuka, limene lili ndi chonde, pamodzi ndi manyowa ndi feteleza amene munavutikira. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO limati masentimita 2 kapena 3 a nthaka angatenge zaka mpaka 1,000 kuti apangike. Ndiye munthu azitaya m'nyengo zochepa chifukwa chofuna kuti munda uzioneka woyera?

Bambo wina amene munda wake uli potsetsereka ananditsutsa mwamphamvu. "Alangizi, mapesi amaitana chiswe. Makolo athu ankatentha ndipo ankakolola." Mvula inali itagwa usiku wake. Ndinawapempha khasu, ndinakumba pakati pa munda. Chinyezi chinalekezera pa mfundo yachiwiri ya chala, pansi pake dothi louma loti fumbi n'kubuka. Tinapita m'malire, pomwe mulu wa mapesi unapulumuka moto. Titavundukula, dothi linali lakuda, lofewa, lozizira, nyongolotsi zikuthawira pansi, ndipo chinyezi chinapitirira pomwe khasu linafika. Chiswe chinalipodi, chikudya mapesi ouma, timisewu take titabowola pansi ponseponse. Bambowo anafinya dothilo m'manja nthawi yaitali, kenako anati, "Koma mbewa nazo zimabisalamo." Sanavomere tsiku limenelo.

Za chiswezo, kafukufuku wa ku Burkina Faso anaonetsa kuti pa nthaka youma kakhungu, zinyalala zoyalidwa pamwamba zimakopa chiswe, ndipo mabowo ake amatsegula nthaka kuti madzi ayambenso kulowa. Sindikuti chiswe sichiwononga mbewu. Chimawononga, makamaka mbewu zofooka ndi ludzu, m'munda momwe mulibe chouma china choti chidye. Za makolo, iwo munda ukatopa ankausiya ugonere zaka zingapo, tchire n'kuuphimbanso. Ife timalima pomwepo chaka chilichonse, ndiye tisatengere moto wokha n'kusiya kugoneka.

Phulusa nalo lisakunamizeni. Moto umauluza nayitirojeni yambiri, chakudya chokulitsa mbewu, imene inali m'mapesi, ndipo phulusa lotsalalo limapita ndi mphepo kapena madzi oyamba.

Chaka chino mapesi anapsa kale, choncho pulumutsani zotsala. Udzu umene mukupalira, ngati sunabereke njere, uyaleni m'mikwasa. Mangani ngonyeka, timizere topingasa m'mikwasa, kuti madzi aime alowe, kupatula m'minda ya lowe momwe madzi amadikha kale. Mzere wodulidwa ndi madzi utsekeni lero lomwe usanasanduke chigwembe. Za akalozera, mizere yopingasa yotchinga madzi, ndi udzu wa vetiva potsetsereka mukuzidziwa, sindibwereza. Mukakolola, gwetsani mapesi muwayale, nthaka yophimbika isachepere gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo lambulani m'mbali mwa munda moto wolusa usalowe. Gwirizanani ndi eni ziweto zisamalize mapesi onse. Okhawo amene agwidwa kwambiri ndi matenda kapena kapuchi ndiwo muchotse m'munda, ena onse akhale pomwepo.