Dimba la mu Ogasiti: yambani mwafunsa chitsime

Kuno kwathu kumunsi kwa phiri la Domwe, ku Angonia m'dziko la Mozambique, Ogasiti ndi mwezi wonyenga. M'mawa kumakhala kukadali kachisanu koti zala zimakana kugwira mpini, koma ikamakwana 10 koloko juzi wavulidwa kale. Mphepo yayamba kuulutsa fumbi, anyamata ali kalikiliki kutentha tchire posaka mbewa, ndipo ukasuzumira m'chitsime cha kudimba madzi amakhala ali tho ngati sadzatha. Mtima umangoti fesa chilichonse.

Ine mwezi umenewu unandipusitsa mu 2016, chaka chija mvula inavuta. Ndinakonza mabedi 18, tomato, kabichi, repu, anyezi, zonse nthawi imodzi. Agogo ena amene dimba lawo lagundana ndi langa anaima pampanda, nayang'ana mabedi aja, nayang'ananso chitsime, kenaka anati, "Mwanawe, zonsezi uzidzathirira ndi thukuta kodi?" Ndinaseka. Pofika pakati pa Okutobala ndinkatsikira m'chitsime ndi chikho kukapala madzi amatope, mayi a kunyumba akudikira pamwamba ndi ndowa. Mabedi 11 anauma tikuona. Otsalawo sanaberekenso zoti n'kupita nazo kumsika, poti nawonso tinawamana madzi masabata atatu tikuyesa kupulumutsa onse.

Chiyambire pamenepo sindigula mbewu ndisanadziwe zinthu ziwiri: madzi amene ndidzakhale nawo mu Okutobala, ndi nthawi imene dambo lidzamire. Zina zonse ndimaziwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pamenepo.

Chitsime muchifunse motere. Dulani nsungwi yowongoka, muiimike m'chitsime m'mamawa musanatunge, muchekere ndi mpeni pamene madzi alekeza. Kenaka tungani mpaka atatsala pang'ono kutha, mukuwerenga makheni. Mawa lake nthawi yomweyo imikaninso nsungwi ija. Madzi akabwerera pochekera paja, ndiye kuti makheni munawerenga aja ndiyo mphamvu ya chitsime chanu lero. Tsono chiwerengerocho chiduleni pakati, chifukwa chitsime cha mu Okutobala sichifanana ndi cha mu Ogasiti. Bedi langa limakhala la mita imodzi m'lifupi, mamita 10 m'litali. Pakali pano limakhuta ndi makheni atatu a malita 10 patsiku, koma dzuwa likakwiya limafuna asanu kapena 6. Chaka chino chitsime chandipatsa makheni 80. Theka lake ndi 40, ndiye mabedi othirira ndi 7 basi, mwina 8 ndikaphimbira bwino ndi udzu. Inu muli ndi motobomba, pampu ya injini yopopera madzi, pamtsinje musadzitame msanga. Mtsinje si wanu nokha. Kumtunda kwanu kuli anzanu amene posachedwapa afesa nazale za fodya, ndipo nazale imamwa m'mawa ndi madzulo.

Za mvula tsopano. Kuno mvula yobzalira imagwa chakumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala. Dambo silidzaza tsiku loyamba, koma pofika Khirisimasi malo a lowe amakhala atamira kale. Paja walira mvula walira matope. Ndiye dimba ndimaligawa patatu m'maganizo mwanga: kumunsi kumene madzi amayambira kuima, pakati, ndi kumtunda kumene dothi limauma msanga. Chilichonse chopita kumunsi chiyenera kukhala chitachoka pofika pa 15 Disembala.

Kumunsiko ndi kwabwino chifukwa chinyontho chilipo chokha, nthawi zina osathirira n'komwe mpaka Sepitembala. Vuto lake n'lakuti chisanu chimagona komweko. Mukapita m'mamawa n'kupeza udzu wayera, nyemba musabzale, ziwauka zikangomera. Ine ndimadikira chapakati pa mwezi. Nyemba zobzalidwa pa 15 kapena pa 20 Ogasiti zimakhala zitakhwima chakumapeto kwa Novembala, ndipo nthawi imeneyo ndi imene anthu amayendayenda kufuna mbewu ya nyemba yokabzala kumunda. Simuvutika kupita nazo kutali, ogula amakupezani pakhomo.

Chimanga cha mondokwa nachonso chimapita kumunsi. Sankhani chocha msanga, mubzale njere imodzi paphando, masentimita 25 kuchoka phando lina kufika lina, mizere italikirane masentimita 75. Pakatha miyezi itatu ndi masiku pang'ono mwayamba kuotcha. Musabzale chonse tsiku limodzi. Gawani kawiri, masabata awiri pakati, kuti chisadzakhwimire pamodzi inu n'kumachigulitsa motaya. Chimene mukufuna chiume kuti mudzagaye ufa wa mu Januwale, chiikeni pakati, pamizere yotukuka, poti chimafuna mwezi wina pamwamba. Koma dziwani kuti chiyambire 2017, pamene mbozi zachilendo zija zinafika, chimanga cha m'dimba chili ngati nyama yoika pamphambano. Dera lonse ndi chokhacho chobiriwira, ndiye agulugufe ake onse amadzaikira mazira kwa inu. Yenderani kawiri pasabata. Mukaona timawindo tooneka kuwala patsamba, kapena zonga utuchi m'kati mwa nsonga, ndiye kuti zalowa. Dimba laling'ono mukhoza kuphwanya mazira ndi zala n'kuthira kamchenga kosakaniza ndi phulusa m'nsongamo. Zikachuluka kafunseni alangizi a ku SDAE, ofesi ya boma imene imaonanso za ulimi, mankhwala oyenera, ndipo mupopere madzulo pamene mbozizo zatuluka kudzadya.

Pa tomato ndiimapo pang'ono, chifukwa ndi pamene pali ndalama, ndi pamenenso pamagwera anthu. Ambiri amafesa mu Meyi ndi Juni, ndiye mu Sepitembala ndi Okutobala pamisika ya Ulongwe ndi Lizulu tomato amangoti mbwee, wogula ndiye amene amatchula mtengo. Wofesa mu Ogasiti amawokera pakatha masabata anayi kapena asanu, n'kuyamba kuthyola masabata 10 mpaka 12 chiwokerereni, ndiye kuti mu Disembala, pamene madimba a anzake amira ndipo mtengo wayamba kukwera. Ogula ochokera mumzinda wa Tete, makilomita opitirira 200 kuchoka kuno, amabwera okha ndi magalimoto. N'zokoma kumva, koma tomato ameneyu amadutsa pamoto kawiri. Mu Okutobala amakumana ndi akangaude ofiira, tija tosaoneka bwino timene timachititsa masamba kutuwa kunsi kwake. Mvula ikangoyamba amakumana ndi chiwawu.

Ndiye muikeni kumtunda, pamabedi otukuka pamene madzi saima. Zikani timitengo akadali wamng'ono, osadikira kuti agone. Thirirani patsinde, osati pamasamba, ndipo masamba am'munsi okhudza dothi muziwachotsa. Mankhwala a Dithane amateteza ku chiwawu, sachiza, choncho yambani kupopera mitambo ikayamba kusonkhana, chiwawu chisanaoneke, ndipo masiku odikira musanathyole amene alembedwa papaketi muwatsate, poti tomatoyo adya ndi ana anu omwe. Pamalo pamene panali mbatatesi, fodya, tsabola kapena mabilinganya musaikepo tomato. Zonsezi ndi banja limodzi, matenda a m'dothi zimapatsirana, makamaka aja ofotetsa mtengo wonse masamba akadali obiriwira. Chinanso chimene chimandikwiyitsa ndi ichi: munthu wamaliza kuthyola tomato wake wa m'chisanu, mitengo waisiya chiimire, ndipo m'menemo ndi mmene mukuswana kambozi kaja kolowa m'kati mwa tsamba ndi kuboola chipatso. Kakatha kwa iye kabwera kwa inu. Zulani zakale zonse mukwirire pansi kapena mutenthe, ndipo mnansi wanu mumupemphe mwaulemu kuti atero naye musanawokere.

Mabedi a tomato asapitirire theka la mabedi amene chitsime chakulolani. Kwa ine ndi atatu.

Zina nthawi yake yapita, musalimbane nazo. Anyezi ndi adyo anayenera kulowa pansi mu Marichi mpaka Meyi. Wofesa lero amatuluka timitu tonga mabatani. Nsawawa nazo zimafuna kuzizira. Kabichi ngati simunafese pofika sabata yoyamba ya Ogasiti, ine ndikanati musiyeni, chifukwa akamakulunga m'nyengo yotentha mbozi zimamuboola ngati sefa. Repu, mpiru ndi chayinizi fesani komaliza tsopano, muthyole mu Sepitembala. Kukatentha zimathamangira kuchita maluwa ndipo nsabwe zimadzazana. Bedi likangotha, lowetsanimo bonongwe, nkhwani kapena therere, zimene zimakondwa ndi dzuwa. Bonongwe masabata atatu kapena anayi mwayamba kudya. Anthu amamupeputsa poti m'dzinja amamera yekha pakhola, koma mu Okutobala ndiwo zamasamba zikasowa amatha pamsika dzuwa lisanafike pamutu.

Za mbatatesi abale athu a ku Tsangano amadziwa kuposa ine, koma chimodzi chokha ndinene. Yobzala mu Ogasiti mudzakumba mu Novembala kapena Disembala, ndipo imeneyo ndi yodya ndi yogulitsa. Musaiwerengere ngati mbewu ya dzinja lomwelo, chifukwa mbatatesi yongokumbidwa imagona miyezi iwiri kapena itatu isanaphuke. Mbewu ya mu Disembala sankhani panopa pa zimene mukukumba. Tengani zazikulu ngati dzira la nkhuku, zochokera pamitengo imene sinafote, muziyale pathandala m'chisakasa molowa mphepo ndi kuwala pang'ono, kuti ziphuke timaso tatifupi tolimba.

Inu a kuchigwa, ku Moatize ndi m'mbali mwa Revubwe, zonsezi muzichita msanga kuposa masiku ndatchulawa. Kwanuko chisanu si nkhani, koma kutentha kumafika msanga, moti zimene ife tikufesa komaliza mu Ogasiti kwa inu zinatha mu Julaye.

Zonsezi n'zachabe ngati mpanda uli ndi mpata. Anthu akamaliza kukolola mbuzi ndi ng'ombe zimatayiriridwa, ndipo mbuzi imodzi yolowa mbandakucha imamaliza nazale yonse inu musanasukusule. Mlandu mukawina kwa anyakwawa, inde, koma mbande sizibwerera ndipo masabata asanu apita. Konzani mpanda musanafese, osati mutafesa.

Dimba lisakuiwalitseni munda waukulu. Manyowa amene mukufuna mu Novembala muwaunjike mwezi uno usanathe, poti amafuna miyezi iwiri kapena itatu kuti apse. Yalani mapesi odulidwa, pamwamba ndowe za m'khola, kaphulusa pang'ono, masamba aawisi ngati alipo, mubwereze mpaka mulu ufike m'chiuno. Thirani madzi kuti unyowe ngati nsalu yofinya, muphimbe, ndipo muzitembenuza pakatha masabata atatu alionse. Zikani ndodo pakati. Mukaisolola patatha masiku angapo n'kuipeza yotentha, ndiye kuti ntchito ikuyenda. Madzi othira pamuluwo nawo muwawerengere pa makheni aja. Mapesi otsala m'munda musatenthe, ndipo lambulani kuzungulira munda wonse, chifukwa moto wa osaka mbewa sudziwa malire.

Mbewu yosunga nokha muiyese panopa, nthawi yogula ina ikadalipo. Mtedza usiyeni m'makoko ake mpaka masiku obzala atayandikira, mungoswa wochepa woyesera. Soya ndiye wosachedwa kufa mphamvu, makamaka wosungidwa potentha. Tengani njere 20 kuchokera pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba, muzikulunge m'chiguduli chonyowa, muike pamthunzi, osalola kuti chiume. Pakatha sabata werengani zamera. Kwa ine zikachepera 16 mbewuyo siipita kumunda. Ndinakulunga zanga Lachisanu lapitalo pansi pa nkhokwe. Nyemba zamera 19, mtedza 18, koma soya wamera 12 yekha, ndipo thumba lake ndi lija linakhala pafupi ndi moto kukhitchini chilimwe chino. Mayi a kunyumba anangondiyang'ana osayankhula, poti amene analiika pamenepo ndine. Ameneyo tikazinga tigaye wa phala la ana, ndipo Loweruka ndipalasa njinga kupita ku Ulongwe kukafunsa mtengo wa mbewu yatsopano anthu asanayambe kuilimbirana.