Momwe mungafufuzire mafangasi okhala m'mizu ya zomera za banja la Ericaceae

Zomera za banja la Ericaceae, monga zitsamba za Erica zomwe zimamera pamwamba pa phiri la Mulanje ndi ku Nyika komanso blueberry amene amalimidwa ku Zimbabwe ndi ku South Africa, zimakula bwino m'dothi la asidi wambiri momwe mbewu zina zimangopinimbira. Zimatha kutero chifukwa cha mafangasi okhala m'timizu tawo, amene amaphwanya zinyalala zowola n'kupereka nayitrojeni ndi fosiforasi ku chomeracho, iwo n'kumalandirako shuga. Wofuna kudziwa kuti mafangasiwa ndi ati asadalire njira imodzi, popeza iliyonse imaonetsa mbali yake n'kubisa ina.

Musanakumbe, tengani chilolezo ku Dipatimenti ya Zankhalango ngati mukupita ku Mulanje, kapena ku Dipatimenti ya Malo Osungirako Nyama Zakutchire ngati mukupita ku Nyika. Thyolaninso kanthambi ka maluwa n'kukaumitsa, kuti akatswiri a ku National Herbarium ku Zomba akatsimikize dzina la chomeracho.

Pokumba musazule chomera. Dulani chigumu cha dothi la pamwamba pafupi ndi tsinde, n'kulondola muzu kuchokera patsindepo mpaka kunsonga kuti musasakanize ndi mizu ya udzu. Timene mukufuna ndi timizu topyapyala kwambiri, tomwe kawirikawiri sitifika mamilimita 0.1 m'lifupi ndipo tilibe ubweya umene umapezeka pa mizu ya mbewu zina. Timaduka msanga ndiponso timauma msanga, choncho ikani chigumucho m'pepala la pulasitiki, chisungeni pozizira ndipo yambani ntchito pasanapite masiku ambiri. Tsukani timizuto pa sefa ndi madzi oyenda pang'onopang'ono, kenako mutigawe patatu.

Gawo loyamba ndi loona ndi maso. Viikani timizu m'madzi otentha a potassium hydroxide wa 10 peresenti kwa mphindi zochepa chabe, chifukwa mukachedwa timasungunuka, ndipo valani magolovesi ndi magalasi popeza mankhwalawa amawotcha khungu. Mukatsuka, tipakeni utoto wa trypan blue wa 0.05 peresenti, kapena inki ya cholembera yosakaniza ndi viniga, njira yotsika mtengo imene inafalitsidwa mu 1998. Pa maikulosikopu yang'anani maselo a pakhungu la muzu. Selo lokhala ndi fangasi limadzaza ndi ulusi wopiringizika ngati nkhata, pamene loyandikana nalo likhoza kukhala lopanda kanthu, chifukwa fangasiyu amalowa selo lililonse palokha kuchokera kunja. Ulusi wakuda wa mfundomfundo wongoyenda pamwamba kapena pakati pa maselo nthawi zambiri umakhala wa gulu lina, monga Phialocephala fortinii, ndipo usawerengedwe pamodzi ndi wopiringizikawo. Apa mwangotsimikiza kuti fangasi alimo. Dzina lake silioneka, chifukwa mitundu yosiyana imapiringizika mofanana.

Gawo lachiwiri ndi lolera. Phani tizilombo ta kunja kwa timizu potiviika kwa kanthawi m'madzi a bulichi wosungunula, tsukani kangapo ndi madzi owiritsa amene azizira, dulani tizidutswa ting'onoting'ono n'kutiika m'mbale za agar (chakudya chonga phala louma cholererapo mafangasi) wa malt extract wothira mankhwala opha mabakiteriya. Pano pamafunika kufatsa. Mafangasi omera m'masiku awiri oyambirira n'kudzaza mbale nthawi zambiri amakhala a m'dothi, ndipo ayenera kuchotsedwa msanga, pamene amene mukuwafuna amatenga masabata kuti aoneke.

Gawo lachitatu ndi la DNA. Chigawo cha DNA chotchedwa ITS, chomwe akatswiri anagwirizana mu 2012 kuti chikhale chizindikiro cha mafangasi, chimachulukitsidwa ndi ma primer (tizidutswa tatifupi ta DNA tolozera chigawo chofunikacho) a ITS1F ndi ITS4, ndipo zotsatira zake zimayerekezedwa ndi za m'kaundula wa DNA wa pa intaneti monga GenBank kapena UNITE. Chitani zimenezi pa mafangasi amene mwalera komanso pa timizu tenitenito, chifukwa mayankho amasiyana. Mbale imakondera mitundu yomera mosavuta monga Oidiodendron maius, pamene a banja la Serendipitaceae, amene amapezeka kawirikawiri m'timizu ta zomerazi, ambiri amakana kumera m'mbale ndipo amaonekera pa DNA pokha.

Samalani ndi mayina, apo ayi mudzawerenga fangasi mmodzi kangapo. Amene David Read wa ku Sheffield anamutcha Pezizella ericae mu 1974 anadzatchedwa Hymenoscyphus ericae, kenako Rhizoscyphus ericae, ndipo tsopano ali mu mtundu waukulu (genus) wa Hyaloscypha. Mukapeza DNA yosafanana kwenikweni ndi iliyonse yolembedwa, musaikakamize dzina la imene yayandikira. Kafukufuku wambiri wachitikira ku Ulaya, North America ndi Australia, choncho n'zotheka kuti mafangasi a m'mapiri athu asapezeke m'kaundula, ndipo kulemba mtundu waukulu wokha kapena banja lokha n'kokwanira.

Chomaliza, chomwe ambiri amachidumpha chifukwa chimadya nthawi, ndicho kutsimikiza kuti fangasiyo amagwiradi ubale ndi chomera, popeza kupezeka m'muzu sikutanthauza kuthandiza. Meretsani njere za blueberry kapena za Erica m'botolo lopanda tizilombo, ikani fangasi wanu pafupi ndi mizu, ndipo siyani mabotolo ena opanda fangasi kuti mudzayerekeze. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, pakani timizu utoto monga poyamba ndipo muone ngati ulusi wopiringizika wadzaza m'maselo, maselowo osaonongeka. Mukatero yezani kutalika ndi kulemera kwa mbande za m'magulu onse awiri, n'kulemba zotsatirazo pamodzi ndi malo, mwezi ndi asidi wa dothi limene munakumbamo.