Momwe odwala Parkinson angakonzere okha msonkhano wodziwitsa anthu kuno kuchigwa

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, gogo akayamba kunjenjemera dzanja ali phee, kukoka mapazi poyenda, nkhope yosasekerera, anthu amathamangira kunena za ufiti kapena kachasu. Pena amakhala matenda a Parkinson: mbali ya ubongo yopanga dopamine, chinthu chothandiza thupi kuyenda bwino, ikufa pang'onopang'ono. Sapatsirana, sachizika, koma mankhwala amachepetsa zizindikiro. Mudzi umamvetsa zimenezi akalankhula wodwala mwini wake, osati mlendo wotsika m'galimoto ya bungwe.

Yambani ndi kupeza anzanu. Alangizi a zaumoyo amadziwa makomo, afunseni. Koma si aliyense wonjenjemera ali ndi Parkinson: chithokomiro, mowa, ndi mankhwala monga haloperidol kapena metoclopramide zimanjenjemeretsanso. Aliyense akaonedwe kaye kuchipatala cha boma, kapena kuzipatala za mishoni za St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona, ndipo zilembedwe m'buku la kuchipatala. Zovuta amazitumiza ku Queens ku Blantyre. Odwala atatu kapena anayi ndi owasamalira akwana. Mukatero kaonaneni ndi a nyakwawa ndi a gulupu, wodwala akhale wolankhula.

Tsiku labwino ndi 11 April, lomwe dziko lonse limakumbukira matendawa, tsiku lobadwa la James Parkinson, dokotala wa ku London amene anawafotokoza mu 1817. Ng'amba ya October ndi November ilibe, koma ngati madzi anasefukira, a ku East Bank angalephere kufika. Kusuntha tsiku si mlandu.

Tsopano pamene misonkhano yotere imagwera: ola. Levodopa, mankhwala a matendawa amene ambiri amawadziwa kuti Sinemet, amayamba kugwira pakapita mphindi 30 mpaka ola limodzi, ndipo kwa amene adwala zaka zambiri mphamvu yake imatha pa maola atatu kapena anayi. Mukaitana anthu 8 koloko n'kudikira mlendo wolemekezeka mpaka 11, kenako pemphero, magule, mawu a mfumu, wodwala adzaitanidwa mankhwala atatha. Adzakanika kudzuka, mawu osamveka, mapazi atakakamira pansi, ndipo khamu lidzabwerera likunena kuti tinkanena ife, amenewa anawalodza. Ndiye konzani ndondomeko motsatira mankhwala. Funsani wolankhula aliyense ola lomwe amamwa ndi lomwe thupi limamasuka, alankhule koyambirira, akuluakulu pambuyo. Izi muwauziretu a mfumu kunyumba kwawo, asadzazimvere pabwalo.

Chakudya nachonso chimasokoneza. Nsomba, nyama, mazira ndi nyemba zimalimbana ndi levodopa m'matumbo, choncho amwe mphindi 30 asanadye kapena ola limodzi atadya. Nsima ya mlamba idikire msonkhano uthe. Ndipo pasapezeke wowonjezera mapiritsi kuti aoneke wamphamvu pagulu: thupi limayamba kupotokola lokha.

Malo akhale pamthunzi, madzi akumwa pafupi. Benzhexol, mankhwala ena a matendawa amene ambiri amalandira chifukwa sadula, amaumitsa kukamwa ndi kuchepetsa thukuta, zomwe n'zoopsa pa dzuwa la kuchigwa, ndipo okalamba ena amasokonezeka nawo mutu. Levodopa amabweretsa chizungulire munthu akaima mwadzidzidzi. Odwala akhale pa mipando yotsamira, osati pamphasa. Wina akakakamira poyenda musamukoke dzanja: jambulani mzere pansi kuti audumphe, kapena muombereni m'manja kuti aponde motsatira. Chimkuzamawu bwerekani kutchalitchi kapena kumzikiti, chifukwa obwereketsa za maukwati amatchula mtengo wa tsiku lonse pa ntchito ya ola limodzi.

Chenjerani ndi ogulitsa amene amanunkhiza misonkhano ngati iyi. Wina adzabwera ndi ufa wa kalongonda m'timapepala. N'zoona kuti kalongonda ali ndi levodopa, koma mlingo wake m'timapepalamo sudziwika, ndipo wochuluka umasanzitsa ndi kusokoneza mutu. Mapiritsi a pamsika okhalitsa padzuwa asiyeni. Levodopa amadula m'mafamase ndipo amasowa, koma kusiya mwadzidzidzi n'koopsa, ndiye pitani kuchipatala akadalipo a sabata imodzi kapena ziwiri.

Zotsalazo n'zachidziwikire. Lembani mayina a odwala atsopano omwe abale awo adzabwere kudzanong'oneza pambuyo. Pemphani mphindi zingapo pa wailesi ya Gaka FM kapena ya Nyanthepa, mujambulitse m'mawa. Lembetsani gulu ku ofesi yosamalira anthu ya m'boma, ndipo kalata yopita kwa mkulu wa zaumoyo itchule chiwerengero cha odwala, mankhwala omwe amamwa ndi miyezi yomwe anasowa.