Mukapeza kholo lanu likuzunzika kunyumba yosungirako okalamba ku England

Mwafunsa kuti mayi anu ali kunyumba yosungirako okalamba ku England, mwawapeza ndi zilonda kumsana ndipo aonda kwambiri, ndiye mutani?

Ngati moyo wawo uli pachiswe kapena wina wawamenya, imbani 999, nambala ya zangozi ya apolisi ndi ambulansi, pompopompo.

Kenako sungani umboni. Jambulani zilondazo mwaulemu, iwo atavomera, ndipo lembani tsiku, nthawi ndi amene anali pantchito. Apa ndikutsindika: zilonda zotere kawirikawiri zimabwera munthu akagonekedwa mbali imodzi osatembenuzidwa, ndipo zikapola musanajambule, mlandu umavuta.

Lembani dandaulo kwa manijala wa nyumbayo, musunge kope. Tsiku lomwelo dziwitsani khonsolo ya deralo, gawo loteteza akuluakulu ku nkhanza lotchedwa adult safeguarding. Lamulo la Care Act 2014 limaikakamiza kufufuza. Uzaninso a Care Quality Commission, bungwe loyang'anira nyumba zotere. Iwo saweruza dandaulo la munthu mmodzi, koma angathe kukayendera nyumbayo.

Mukapanda kukhutira ndi yankho, pitani kwa Local Government and Social Care Ombudsman, ofesi yofufuza madandaulo okhudza makhonsolo ndi nyumba zotere, pasanathe miyezi 12 kuchokera pamene munadziwa za vutoli.

Ngati mukufuna chipukuta misozi, onanani ndi loya msanga, chifukwa nthawi zambiri mpata wosumira ndi zaka 3 zokha.